Ngamila m'malemba akale ndi mbiri ya kuwetedwa kwake

Ngamila, imene ena amalemba kuti ngamira, ndi nyama yaikulu yoyamwitsa ya miyendo italiitali, khosi lalitali ndi linunda pamsana. Imawetedwa m'madera ouma a kumpoto ndi kum'mawa kwa Africa, ku Arabia ndi pakati pa Asia. Eni ake amapezako mkaka, nyama ndi ubweya, ndiponso amaikwera ndi kuisenzetsa katundu. Ku Malawi ngamila si chiweto cha pamudzi. Anthu ambiri dzina lake amalimva kutchalitchi kapena kumzikiti, chifukwa imatchulidwa kawirikawiri m'Baibulo ndi m'Qur'an.

Pa mbiri ya ngamila pali mtsutso umene wakhalapo zaka zoposa 80. Buku la Genesis limati Abrahamu, Isake ndi Yakobo anali ndi ngamila, koma mafupa amene afukulidwa m'dziko la Kanani amasonyeza kuti ngamila zoweta zinayamba kuchuluka kumeneko patapita zaka mazanamazana kuchokera nthawi ya makolowo. Kuti nkhaniyi imveke bwino, pamafunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya ngamila zoweta, popeza inawetedwa m'malo osiyana ndiponso pa nthawi zosiyana.

Dzina

Mawu oti ngamila amafanana ndi a Chiswahili oti ngamia. Mawu a Chiswahiliwa amalumikizidwa ndi a Chiarabu oti jamal, omwe ali pachibale ndi a Chiheberi oti gamal. Agiriki anabwereka mawu omwewa n'kumati kamelos, ndipo kuchokera kwa iwo analowa m'Chilatini ndi m'zinenero zambiri za ku Ulaya. M'Chichewa dzinali limapezeka m'mabaibulo kuyambira pa Buku Lopatulika la 1922 mpaka pa Buku Loyera la 1998.

Mitundu ndi kumene inachokera

Pali mitundu itatu ya ngamila. Woyamba ndi wa linunda limodzi, umene asayansi amautcha Camelus dromedarius. Umakhala ku Arabia, ku Africa ndi ku India, ndipo mwa ngamila 10 zilizonse padziko lapansi, zoposa 9 ndi za mtundu umenewu. Wachiwiri ndi wa malinunda awiri, Camelus bactrianus, wa ubweya wambiri, womwe umapirira kuzizira kwa ku Mongolia, China ndi Kazakhstan. Dzina lake linachokera ku Bactria, dera lakale la kumpoto kwa Afghanistan. Wachitatu ndi Camelus ferus, ngamila yakutchire ya malinunda awiri imene yatsala yochepa kwambiri m'zipululu za ku China ndi Mongolia.

Makolo a ngamila anayambira ku North America zaka zoposa 40 miliyoni zapitazo. Ena anawolokera ku Asia kudzera pa mtunda umene kale unkalumikiza Alaska ndi Siberia, ndipo ena anatsikira ku South America kumene kuli achibale ake monga llama ndi alpaca. Ku North America kwenikweniko ngamila zinatha zaka zoposa 10,000 zapitazo.

Thupi lake

Linunda la ngamila si nkhokwe ya madzi monga ambiri amaganizira. Ndi mafuta, ngati linunda la ng'ombe zamakolo za ku Malawi, ndipo limafota nyamayo ikakhala nthawi yaitali osadya mokwanira. Chimene chimathandiza ngamila kupirira ludzu ndi mmene thupi lake limasungira madzi. Siituluka thukuta msanga, chifukwa kutentha kwa thupi lake kumatha kukwera kuchoka pa madigiri 34 m'mawa kufika pa 40 masana popanda vuto. Mkodzo wake umakhala wochepa ndipo ndowe zake ndi zouma moti zimakolezedwa moto. Imatha kutaya madzi olemera ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake koma osafa, ndipo ikapeza madzi imamwa malita pafupifupi 100 m'mphindi zochepa.

Phazi lake lili ndi zala ziwiri pamwamba pa chidendene chotambalala chofewa, chimene sichimira mumchenga. Mphuno zake zimatsekeka kukakhala fumbi. Bere lake limatenga miyezi pafupifupi 13 ndipo imabereka mwana mmodzi, choncho khola la ngamila limachedwa kukula poyerekeza ndi la mbuzi kapena nkhosa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ngamila inkawerengedwera kuti ndi chuma cha anthu olemera.

Mmene inayambira kuwetedwa

Poyerekeza ndi ziweto zina, ngamila inawetedwa mochedwa. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zinawetedwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo bulu anawetedwa ku Africa zaka zoposa 6,000 zapitazo. Nthawi yonseyi ngamila inali nyama yakutchire yosakidwa ndi alenje. Ku Al-Jawf, kumpoto kwa Saudi Arabia, kuli zithunzi za ngamila zosemedwa pamiyala, zazikulu ngati nyama yeniyeniyo, zimene zinapangidwa zaka 7,000 mpaka 8,000 zapitazo, ngamila isanawetedwe.

Ofukula zinthu zakale amazindikira chiweto poona zizindikiro zingapo. Amaona ngati mafupa a miyendo ali ndi zipsera za katundu wolemera, ngati nyamazo zinkaphedwa pa msinkhu wofanana, ndiponso ngati mafupa, ndowe kapena ubweya zapezeka mkati mwa mudzi. Zaka za zinthuzo amaziyeza pogwiritsa ntchito kaboni wotsalira m'fupa, m'makala kapena m'njere.

Ngamila ya malinunda awiri ndi imene inayamba kuwetedwa. Umboni wake umachokera kum'mawa kwa Iran ndi ku Turkmenistan, m'zaka za pakati pa 3000 ndi 2000 BC, kutanthauza Yesu asanabadwe. Ku Shahr-i Sokhta, ku Iran, kunapezeka mafupa, ndowe ndi ubweya wa ngamila mkati mwa mzinda. Ku Altyn-Depe, ku Turkmenistan, kunapezeka tizidole tadothi ta ngolo zokokedwa ndi ngamila.

Ngamila ya linunda limodzi inachedwa kwambiri. M'malo a m'mphepete mwa nyanja kum'mwera chakum'mawa kwa Arabia, monga Umm an-Nar ndi Al Sufouh, m'dziko limene lero ndi United Arab Emirates, munapezeka mafupa ambiri a ngamila, koma akatswiri ambiri amati zinali zakutchire zophedwa ndi alenje. Zizindikiro zodalirika za kuweta zimaoneka cha kumapeto kwa zaka za pakati pa 2000 ndi 1000 BC. Kafukufuku wa DNA wofalitsidwa mu 2016 ndi Faisal Almathen, Pamela Burger ndi anzawo anasonyeza kuti ngamila zakutchire za m'dera lomweli ndi zina mwa makolo a ngamila zoweta za masiku ano. Zakutchirezo zinatheratu zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Kuweta nyama ndi kuigwiritsa ntchito pa maulendo aatali ndi zinthu ziwiri zosiyana. Linunda limavuta kukhalapo ndiponso kumangirirapo katundu, choncho panafunika chishalo choyenera. Wolemba mbiri Richard Bulliet, m'buku lake la 1975 lotchedwa The Camel and the Wheel, anafotokoza kuti chishalo cha matabwa chokhala mozungulira linunda chinapangidwa kumpoto kwa Arabia pakati pa 500 ndi 100 BC. Chishalochi chinapatsa mphamvu Aluya pa malonda ndi pa nkhondo, mpaka ngolo zinasiya kugwiritsidwa ntchito m'madera ambiri a kumeneko.

Ngamila m'Chipangano Chakale

M'Chipangano Chakale ngamila imatchulidwa koposa ka 50, ndipo koposa ka 20 ndi mu Genesis mokha. Imayamba kuoneka pa Genesis 12:16, pa mndandanda wa chuma chimene Abramu analandira ku Iguputo. Mu chaputala 24, wantchito wa Abrahamu anatenga ngamila 10 popita ku Mesopotamia kukafunira Isake mkazi, ndipo Rebeka anadziwika chifukwa anadzipereka kuzitungira madzi. Ntchitoyi sinali yamasewera. Ngamila 10 zaludzu zingathe kumwa malita okwana 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20. Rakele anabisa timafano ta bambo ake m'chishalo cha ngamila (Genesis 31:34), Yakobo anapatsa Esau ngamila zoyamwitsa 30 pamodzi ndi ana ake (Genesis 32:15), ndipo Yosefe anagulitsidwa kwa amalonda amene ngamila zawo zinanyamula zonunkhira kuchokera ku Gileadi kupita ku Iguputo (Genesis 37:25).

Chilamulo cha Mose chinaletsa kudya nyama ya ngamila. Levitiko 11:4 ndi Deuteronomo 14:7 amaiika m'gulu la nyama zodetsedwa chifukwa imabzikula koma ilibe ziboda zogawanika ngati za ng'ombe.

M'mabuku otsatira, ngamila kawirikawiri ndi ya anthu a m'chipululu ndi ya alendo. Amidyani a m'nthawi ya Gideoni ankabwera ndi ngamila zosawerengeka (Oweruza 6:5), ndipo za mafumu awo zinali ndi zokongoletsera m'khosi. Anyamata 400 a Amaleki anathawa Davide atakwera ngamila (1 Samueli 30:17). Woyang'anira ngamila za Davide anali Mwismayeli dzina lake Obili (1 Mbiri 27:30). Mfumukazi ya ku Seba inafika kwa Solomo ndi ngamila zonyamula zonunkhira, golide ndi miyala yamtengo wapatali (1 Mafumu 10:2). Yobu anali ndi ngamila 3,000 poyamba ndi 6,000 pomaliza. Ayuda pobwerera kuchokera ku ukapolo ku Babulo anali ndi ngamila 435 koma abulu 6,720 (Ezara 2:67). Chiwerengerochi chimasonyeza kuti ngakhale pa nthawi imeneyo chiweto chonyamula katundu cha munthu wamba chinali bulu.

Mtsutso wa ngamila za Abrahamu

Anthu amene amawerengera zaka potsata Baibulo amaika Abrahamu pakati pa 2000 ndi 1800 BC. Zolemba ndi zithunzi za nthawi imeneyo zimasonyeza kuti malonda ankayenda pa abulu. Makalata masauzande a amalonda a ku Asuri amene anapezeka ku Kültepe, m'dziko la Turkey, amanena za magulu a abulu onyamula nsalu ndi chitsulo cha tini. Chithunzi cha m'manda a ku Beni Hasan ku Iguputo, cha m'ma 1890 BC, chimaonetsa alendo ochokera ku Asia akufika ndi abulu. M'zithunzi zambirimbiri za m'manda ndi m'akachisi a mafarao, ngamila siioneka pakati pa ziweto.

Poona zimenezi, katswiri wa ku America William F. Albright ananena m'zaka za m'ma 1940 kuti ngamila za mu Genesis zinalowetsedwa m'nkhanizo ndi alembi a m'zaka zam'mbuyo mwake. Maganizowa anamvekanso kwambiri Lidar Sapir-Hen ndi Erez Ben-Yosef a ku yunivesite ya Tel Aviv atafalitsa kafukufuku wawo mu 2013. Iwo anafufuza mafupa a m'malo osungunulira mkuwa m'chigwa cha Aravah, makamaka ku Timna. Anapeza kuti mafupa a ngamila zoweta amayamba kuoneka mwadzidzidzi m'dothi la zaka za pakati pa 930 ndi 900 BC, ndipo m'dothi lakale kuposa pamenepo mulibe. Iwo analumikiza kusinthaku ndi nkhondo ya Farao Sheshonq I, amene Baibulo limamutcha Sisaki (1 Mafumu 14:25), yomwe inasintha kayendetsedwe ka migodiyo. Nkhaniyi inafalitsidwa m'manyuzipepala ambiri kumayambiriro kwa 2014.

Akatswiri amafotokoza kusiyanaku m'njira zingapo.

Gulu loyamba limati nkhani za makolo zinkasimbidwa pakamwa kwa mibadwo yambiri zisanalembedwe m'zaka za pakati pa 1000 ndi 500 BC. Alembiwo ankaona ngamila za amalonda a lubani tsiku ndi tsiku, choncho pofuna kusonyeza kulemera kwa Abrahamu anatchula chuma chimene anthu a m'nthawi yawo ankachidziwa. Gululi limatchulanso zinthu zina za mu Genesis zooneka kuti ndi za m'nthawi ya alembi, monga Afilisti ndi dzina la mzinda wa Dani.

Gulu lachiwiri, momwe munali Kenneth Kitchen wa ku yunivesite ya Liverpool, limati kusapezeka kwa mafupa sikutanthauza kuti ngamila kunalibe. Abusa oyendayenda sasiya mabwinja ambiri, ndipo ngamila imafera kutchire, kutali ndi mizinda imene imafukulidwa. Genesis sanena kuti aliyense anali ndi ngamila, koma banja limodzi lolemera.

Njira yachitatu imayang'ana kum'mawa. Martin Heide ndi Joris Peters, m'buku lawo la 2021 lotchedwa Camels in the Biblical World, anasonyeza kuti ngamila ya malinunda awiri inkadziwika ku Mesopotamia kale ndithu ya linunda limodzi isanafalikire. M'mindandanda ya mawu ya alembi a kumeneko inkatchedwa njovu ya kumapiri kapena njovu ya pamsewu, pamene ya linunda limodzi inadzatchedwa bulu wa kunyanja. Palinso chidindo cha ku Syria cha m'ma 1800 BC, chosungidwa ku Walters Art Museum mumzinda wa Baltimore, chimene chimaonetsa anthu awiri atakhala pa nyama ya malinunda awiri. Popeza Genesis amati banja la Abrahamu linachokera ku Uri ndi ku Harana, n'kutheka kuti ngamila zochepa za mtundu umenewu zinafika kumadzulo ndi anthu ochokera kumeneko.

Pali mfundo imodzi imene magulu onsewa amagwirizanapo: ngamila sinali chiweto chofala ku Kanani chisanafike chaka cha 1000 BC. Amasiyana pa funso lakuti kodi zochepa zinkafikako kale kapena ayi. Kafukufuku wa mafupa amayankha za nthawi imene ngamila inafalikira, koma sangathe kutsimikiza kapena kukana za khola la munthu mmodzi.

M'zolemba za Asuri ndi mitundu ina

Kuyambira m'zaka za m'ma 800 BC, umboni umachuluka ndipo umagwirizana bwino ndi mabuku a Mafumu ndi a aneneri. Mwala wa Mfumu Shalmaneser III wa ku Asuri umanena za nkhondo ya ku Qarqar ya mu 853 BC, kumene Gindibu, Mwarabu, anabwera ndi ngamila 1,000 kumbali imodzi ndi Ahabu mfumu ya Israyeli. Aka ndi koyamba kuti dzina loti Mwarabu lipezeke m'zolemba, ndipo likupezeka pamodzi ndi ngamila. Chipilala chakuda cha mfumu yomweyi, chimene chili ku British Museum ku London, chimaonetsa ngamila za malinunda awiri zikuperekedwa ngati msonkho. Tiglath-pileser III analemba kuti analanda ngamila 30,000 kwa Samsi, mfumukazi ya Aluya. Zithunzi za m'nyumba ya Ashurbanipal ku Nineve zimaonetsa Aluya awiriawiri pa ngamila imodzi, wina akuwongolera, wina akuponya mivi.

Wolemba mbiri wachigiriki Herodotus anasimba kuti Koresi wa ku Perisiya anagonjetsa Croesus pafupi ndi Sardis poika ngamila kutsogolo kwa asilikali ake, chifukwa mahatchi a adaniwo anaopa fungo lake. Ku Iran, dzina la mneneri Zarathustra lili ndi mawu oti ushtra, omwe amatanthauza ngamila.

M'Chipangano Chatsopano

M'Chipangano Chatsopano ngamila imatchulidwa ka 6. Kawiri ndi pofotokoza chovala cha ubweya wa ngamila cha Yohane Mbatizi (Mateyu 3:4 ndi Marko 1:6). Kamodzi ndi pamene Yesu anadzudzula atsogoleri osamala tinthu tating'ono n'kunyalanyaza zazikulu, poyerekeza kachirombo kakang'ono ndi ngamila (Mateyu 23:24). Katatu ndi pa fanizo la munthu wachuma, ngamila ndi diso la singano (Mateyu 19:24, Marko 10:25 ndi Luka 18:25).

Fanizo lomalizali lamasuliridwa mosiyanasiyana. Alaliki ena amati ku Yerusalemu kunali kachipata kakang'ono kotchedwa diso la singano, koma palibe umboni wa m'nthawi ya Yesu wa chipata chotero, ndipo nkhaniyi inayamba kulembedwa patapita zaka mazana ambiri. Ena amati mawu oyambirira anali kamilos, chingwe cha ngalawa, m'malo mwa kamelos, koma mipukutu yakale kwambiri ili ndi mawu a ngamila. Akatswiri ambiri amati fanizoli ndi kukokomeza kwadala: nyama yaikulu kuposa zonse za m'dzikolo ndi kabowo kakang'ono kuposa tonse ta m'nyumba. Mu Talmud ya ku Babulo muli fanizo lofanana nalo, koma nyama yake ndi njovu.

M'Qur'an ndi m'Chisilamu

Qur'an inabwera pakati pa anthu amene moyo wawo unkadalira ngamila, ndipo ili ndi mawu angapo a nyamayi, monga ibil, jamal, naqa ndi ba'ir. Sura 88:17 imalimbikitsa anthu kulingalira mmene ngamila inalengedwera. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya ngamila yaikazi imene inaperekedwa ngati chizindikiro kwa anthu a Thamud kudzera mwa mneneri Salih. Anthuwo anauzidwa kuti azigawana nayo madzi ndipo asaipweteke, koma anaipha n'kulangidwa. Nkhaniyi ili m'masura angapo, kuphatikizapo 7, 11, 26 ndi 91. Sura 7:40 ili ndi fanizo la ngamila ndi diso la singano, ndipo sura 12 imayeza chakudya cha abale a Yusuf ndi katundu wa ngamila imodzi.

Mosiyana ndi Chilamulo cha Mose, Chisilamu chimalola kudya nyama ya ngamila. Pa nsembe ya Eid al-Adha ngamila imodzi imakwanira anthu 7, chimodzimodzi ng'ombe, ndipo zakat ya ngamila imayamba munthu akakhala nazo 5. Mbiri ya Chisilamu imati pa ulendo wa Hijra mu 622, ngamila ya Mtumiki Muhammad yotchedwa Qaswa inagwada pamalo pamene panadzamangidwa mzikiti wa ku Madina. Nkhondo ya mu 656 pafupi ndi Basra imatchedwa Nkhondo ya Ngamila.

Kufalikira mu Africa

Ngamila zinalowa mu Africa kuchokera ku Arabia. Ku Qasr Ibrim, m'chigwa cha Nile kum'mwera kwa Iguputo, kunapezeka ndowe za ngamila za kumayambiriro kwa zaka za pakati pa 1000 ndi 500 BC. Kumadzulo zinafika pang'onopang'ono. Mu 46 BC asilikali a Julius Caesar analanda ngamila 22 za Mfumu Juba ya ku Numidia, ndipo zimenezi zinalembedwa ngati chinthu chachilendo. Patapita zaka mazana angapo ngamila zinachuluka m'chipululu cha Sahara, ndipo ndi zimene zinatsegula malonda a mchere, golide ndi akapolo pakati pa kumpoto kwa Africa ndi maufumu a Ghana, Mali ndi Songhai. Kum'mawa zinakhala chuma chachikulu cha Asomali, Aafar ndi mitundu ina, ndipo malire ake akum'mwera anathera cha kumpoto kwa Kenya.

Ngamila ndi dera la Malawi

Ngakhale amalonda a Chiswahili ndi Chiyao ankalumikiza Nyanja ya Malawi ndi gombe la Indian Ocean, minyanga ndi nsalu zawo zinkayenda pamitu ya anthu amtengatenga. Ngamila sizinathe kudutsa nkhalango za pakati pa gombe ndi nyanjayi, zomwe zinali ndi ntchentche za kashembe. Ntchentchezi zimafalitsa tizilombo toyambitsa kaodzera kwa anthu ndi matenda ofooketsa ziweto, ndipo ngamila imagwidwa msanga ndi tizilombo ta mtundu umenewu. Dothi lonyowa limawononga mapazi ake ofewa, ndipo chinyezi chimawonjezera mphere ndi nkhupakupa. Chigawo cha Lilongwe chimalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 mpaka 900 pachaka, yoposa kwambiri ya madera amene ngamila imakhala bwino.

Munthu wina amene anayesa kubweretsa ngamila m'derali ndi David Livingstone. Mu Marichi 1866, poyamba ulendo wake womaliza, anatsika pa gombe la Mikindani, kumpoto kwa mtsinje wa Rovuma, ali ndi ngamila 6, njati zoweta za ku India 3 ndi mwana wake mmodzi, nyulu 2 ndi abulu 4. Cholinga chake chinali kuona ngati nyamazi zingapirire kashembe. Zikanapirira, zikanachepetsa kufunika kwa amtengatenga, amene ambiri m'njira za malonda za nthawiyo anali akapolo. Ngamilazo zinavutika kudutsa m'nkhalango zowirira, moti pankafunika kulemba anthu odula mitengo kutsogolo kwake. Zinalumidwa ndi kashembe, zinatuluka zilonda, ndipo zinafa imodziimodzi m'mphepete mwa Rovuma. Livingstone analemba kuti asilikali a ku India amene ankaziyang'anira ankazimenya ndi kuzisenzetsa katundu wopitirira muyeso, choncho sanathe kudziwa bwino ngati zinafa ndi ntchentche kapena ndi nkhanza.

Pamene ankafika pa Nyanja ya Malawi pa 8 Ogasiti 1866, analibe ngamila ndi imodzi yomwe. Anazungulira kum'mwera kwa nyanjayi, nakwera mapiri a Kirk Range, ndipo cha kumapeto kwa chakacho anadutsa pafupi ndi mapiri a Dzalanyama, amene m'buku lake la ulendo anawalemba kuti Zalanyama. Katundu wake m'chigawochi ankanyamulidwa ndi anthu a m'midzi, kuchoka pamudzi wina kufika pamudzi wina.

Kum'mwera kwa Africa ngamila zinagwirako ntchito makamaka m'malo ouma. Apolisi a ku Cape ankayendera pa ngamila m'chipululu cha Kalahari, ndipo mumzinda wa Upington muli chipilala chokumbukira zimenezi. M'madera a Mitundu, Nathenje ndi m'midzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama, ntchito yonyamula chimanga, fodya ndi nkhuni imagwiridwa ndi ngolo za ng'ombe ndi za abulu, njinga ndi galimoto. Pa nkhani imeneyi midziyi ikufanana ndi Kanani wa m'nthawi ya makolo, kumene bulu ndi ng'ombe ndi zimene zinkagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ngamila inali nyama ya kutali yomveka m'nkhani za anthu olemera ndi amalonda.

Masiku ano

Padziko lonse pali ngamila zoposa 35 miliyoni, ndipo zambiri zili ku Africa, makamaka ku Chad, Somalia ndi Sudan. Ku Australia kuli ngamila zambiri zongoyenda kutchire, zidzukulu za zimene zinabweretsedwa kuchokera ku India ndi madera oyandikana nawo m'zaka za m'ma 1800. Kumpoto kwa Kenya, abusa ena amene kale ankadalira ng'ombe ayamba kuweta ngamila chifukwa cha chilala chobwerezabwereza, popeza ngamila imadya masamba a mitengo yaminga ndipo imapitiriza kutulutsa mkaka ng'ombe zitaleka. Bungwe la United Nations linasankha 2024 kukhala chaka chokumbukira ngamila ndi achibale ake.

Onaninso

Bulu
Kashembe
David Livingstone
Buku Lopatulika
Dzalanyama